Momwe mungapangire komiki ya mkazi wopha anthu pa ganyu, kuchokera pa ganizo mpaka kabuku koyamba

Ambiri amene amayamba komiki yamtundu uwu amafera pamalo amodzi. Amajambula mkazi wovala zakuda ataima pamwamba pa nyumba usiku, mpeni m'manja, maso ali psuu. Chithunzicho chimakoma, anzawo amachiyamikira, ndipo iwo amathamangira tsamba loyamba. Lachiwiri, lachitatu, mwina kufika pa tsamba 6, kenako zii. Dzanja limakhala likadali ndi mphamvu, koma m'kati mwa zovala zakuda zija mulibe munthu, ndiye nkhani imasowa kopita.

Mwininkhani amene tikukamba pano amalandira ndalama kuti aphe. Ali ndi mphamvu yoposa ya anthu wamba ngati ngwazi zina za m'makomiki, koma manja ake ndi akuda. Ntchito yanu yonse ndi iyi: owerenga amuope, aipidwe ndi zochita zake, komabe alephere kutseka kabukuko asanadziwe chomwe chimuchitikire. Chilichonse chili m'munsimu chikutumikira cholinga chimenechi.

Zofunika kukhala nazo

- Kope limodzi la nkhani yokhayokha. Musajambulemo.
- Mulu wa mapepala wamba a A4 oyesererapo. Mudzataya ambiri.
- Mapepala olimba a A3, a masentimita 29.7 m'lifupi ndi 42 m'litali. Ojambula makomiki a ku America amagwiritsa ntchito mapepala a mainchesi 11 ndi 17, amene posindikiza amachepetsedwa kufika pafupifupi masentimita 17 ndi 26. Kujambula pa pepala lalikulu kumabisa kunjenjemera kwa dzanja chithunzi chikachepetsedwa.
- Mapensulo a 2H ndi HB, komanso pensulo yabuluu wowala ngati mungaipeze, chifukwa mizere yake imachotseka mosavuta pakompyuta.
- Rula ndi chofufutira chofewa chosakala pepala.
- Zolembera za inki yakuda yosasungunuka ndi madzi, za nsonga 0.1, 0.3, 0.5 ndi 0.8, kuphatikizapo burashi yodetsera malo aakulu.
- Sikana, kapena foni ya kamera yabwino.
- Kompyuta kapena tabuleti yokhala ndi pulogalamu yojambulira. Krita ndi yaulere ndipo ikwanira. Clip Studio Paint ndi yogula, koma inapangidwira makomiki mwapadera.
- Galasi lodziyang'anira, loti muzionera nkhope ndi manja anu pojambula.
- Munthu mmodzi wosaopa kukuuzani kuti pano sindinamve.

1. Lembani chiganizo chimodzi musanagwire pensulo

Chiganizocho chinene zinthu zitatu: mkaziyu ndi ndani, akufuna chiyani, ndipo chikumutchinga n'chiyani. Kuti tikhale ndi chogwira m'malangizo onsewa, tiyerekeze kuti wathu anthu amamutcha Kadzidzi, popeza mbalameyi imauluka usiku popanda phokoso. Chiganizo chake chingakhale chotere: Kadzidzi akufuna kusiya ntchito yopha, koma amene amamupatsa maganyu ndiye yekha akudziwa kumene kuli mng'ono wake.

Chenjezo: "akufuna kubwezera" pakokha si cholinga chokwanira mndandanda wa timabuku. Akapha womulakwirayo nkhani yatha, ndipo mukamazengereza kuti amuphe owerenga amatopa. Sankhani chinthu chomwe akachiyandikira chimamulipiritsa china.

2. Mpatseni lamulo lake, ndipo lamulolo limupweteke

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikupemphani kuti mukhalepo masiku angapo. Munthu wopha aliyense popanda malire ndi chilombo chabe, owerenga sangamutsatire kutali. Wopha anthu oipa okhaokha nayenso ndi wapolisi wovala zakuda, palibe chovutitsa mtima. Wanu ayenera kukhala pakati, ndipo chomuika pakatipo ndi lamulo limene anadziikira yekha.

Olemba ambiri amasankha lamulo loti sapha ana. Ndi labwino, koma ndi losavuta kwambiri, pakuti wowerenga aliyense akugwirizana nalo ndipo silimutayitsa kanthu tsiku ndi tsiku. Funani lamulo lomwe limamulowetsa m'mavuto pa ganyu iliyonse. La Kadzidzi ndi ili: asanaphe munthu, amamulola kunena mawu omaliza, ndipo iye mwini amakawapereka kwa amene mawuwo akupita. Taonani zomwe lamuloli lachita. Limamuchedwetsa pamalo oopsa. Limakwiyitsa omutuma, chifukwa wakufa angathe kuulula chinsinsi. Koposa zonse, limamukakamiza kukagogoda pakhomo la ofedwa, kuona mkazi wamasiye, kuona mwana akufunsa kuti bambo abwera liti. Kabuku kalikonse kali ndi theka lachiwiri lobadwa lokha, ndipo wowerenga sangaiwale kuti amene anagwa uja anali munthu.

Kenako dzifunseni kuti lamuloli linachokera kuti. Payenera kukhala bala. Mwina amayi ake anamwalira iye ali kutali, ndipo panalibe wobweretsa mawu awo omaliza. Lembani mbiri yonseyi m'kope lanu, masamba 3 kapena 4, koma musaikhuthulire m'kabuku koyamba. Owerenga aone lamulolo likugwira ntchito kaye, adzifunse okha chifukwa chake, inu mudzayankhe pambuyo.

Chenjezo limene ndimaliona kukhala lalikulu: musathamangire kugwiririra ngati chiyambi cha mkazi aliyense wolimba mtima. Olemba ambiri amachita zimenezi mwaulesi, ngati kuti mkazi sangakhale woopsa pokhapokha atachitidwa nkhanza zotere. Ngongole, kukhulupirika kolakwika, kuleredwa ndi anthu amene anamuphunzitsa kupha, dyera la ndalama, luso limene analipeza n'kulikonda, zonsezi ndi zifukwa zokwanira. Ndipo musamuyeretse kwambiri. Pakhale imfa imodzi yomwe sangaiikire kumbuyo, yomwe iye mwini akudziwa kuti analakwa.

Konzeranitu tsiku limene adzaphwanye lamulo lake. Lisakhale m'kabuku koyamba, koma inu mulidziwe kuyambira lero.

3. Mphamvu imodzi, yokhala ndi mtengo

Mpatseni mphamvu imodzi yokha, yoti mungaifotokoze m'mawu ochepa. Akakhala wouluka, wosalasika, wowerenga maganizo, komanso wochira msanga, palibe chomuopseza, ndipo popanda choopsa palibe chifukwa chotsegulira tsamba lotsatira.

Kadzidzi amazimitsa phokoso. Akafuna, malo onse omuzungulira amati zii kwa kanthawi kochepa: mapazi samveka, mfuti silira, kukuwa sikutuluka. Mtengo wake ndi wakuti nthawi iliyonse akatero, amaiwala mawu a munthu mmodzi amene amamukonda. Nkhope amaikumbukira, zimene ananena amazikumbukira, koma kamvekedwe ka mawuwo kamapita. Mawu a amayi ake ndi amene akuwasunga mwamantha.

Tsopano onani kuti mphamvuyi ikulimbana ndi lamulo lake lija. Akazimitsa phokoso amakhala wotetezeka, koma sangamve mawu omaliza. Akafuna kumva mawuwo ayenera kudziika poyera. Mukapeza mphamvu ndi lamulo zokokana chonchi, nkhani zimadzilemba zokha.

Ganiziraninso momwe mphamvuyo idzaonekere pa pepala, pakuti komiki ilibe phokoso kapena kuyenda. Ya Kadzidzi ndi yokoma kujambula: anthu akutsegula pakamwa, mabaluni a mawu alipo koma m'kati mwake mulibe chilembo. Wowerenga akaona baluni yopanda kanthu kamodzi, ulendo wachiwiri mtima umamugunda asanaone mwiniwakeyo. Ngati mphamvu yanu ikufunika ndime yonse yofotokoza nthawi iliyonse ikagwiritsidwa ntchito, sankhani ina.

Lembani malire ake m'kope: imafika patali bwanji, imatha nthawi yaitali bwanji, chimailepheretsa n'chiyani. Owerenga amakumbukira zimenezi kuposa inu.

4. Anthu atatu omuzungulira

Poyamba apangankhani atatu akwanira. Woyamba ndi womupatsa maganyu, amene amamufuna koma samukhulupirira. Wachiwiri ndi munthu womudziwa ngati munthu wamba, woti amamutchula dzina lake lenileni, amamudandaulira kuti sakugona mokwanira. Popanda ameneyu mwininkhani wanu adzangolankhula yekha m'mutu masamba onse. Wachitatu ndi womusaka, ndipo ameneyu akhale ndi chifukwa chabwino. Wapolisi woona mtima, kapena mwana wa munthu amene Kadzidzi anapha. Wowerenga akafika podzifunsa kuti kodi ndikufuna apambane ndani, mwagwira ntchito.

Musapange adani onse kukhala zilombo pofuna kuti wanuyo aoneke bwino.

5. Jambulani maonekedwe ake mpaka dzanja liwaloweze

Yambani ndi mayeso a mthunzi. Jambulani thupi lonse, mulidetse ndi inki kuti pasaoneke nkhope kapena nsalu. Ngati mungamuzindikire ndi mthunzi wokhawo, kaya chifukwa cha mapewa, kametedwe, chovala cha m'mutu kapena kaimidwe, maonekedwewo ndi olimba. Yesani mithunzi 20 musanasankhe.

Zovala zikhale za ntchito yake. Munthu wokwera makoma ndi kuthawa pamadenga savala nsapato za gogoda, sasiya mimba pamtunda, ndipo tsitsi lalitali lomasuka ndi chogwirira cha mdani. Ndimamva chisoni ndikaona wojambula waluso atapinda msana wa mkazi ngati ulibe mafupa kuti chifuwa ndi mbuyo zionekere pamodzi. Wowerenga amasiya kumuopa nthawi yomweyo. Imani pagalasi muyese kaimidwe kamene mwajambula. Ngati simungathe kukhala choncho, iyenso sangathe. Munthu wamba kutalika kwake kumakhala pafupifupi mitu yake 7 ndi theka, pamene ngwazi za m'makomiki amazitalikitsa kufika mitu 8 kapena kuposa. Kwa munthu amene ntchito yake ndi kusowa pagulu, mitu 7 ndi theka ndi yoyenera.

Chepetsani tinthu. Lamba aliyense, zipi iliyonse, kathumba kalikonse mudzakajambula kambirimbiri. Mukamaliza, pangani pepala limodzi lomuonetsa kutsogolo, cham'mbali ndi kumbuyo, pamodzi ndi nkhope 6: yokwiya, yamantha, yotopa, yonama, yoseka, yopanda chilichonse. Jambulaninso zovala zake za masana. Pepalali mulipachike pamene mumagwirira ntchito. Chipsera chikakhala patsaya lamanzere pa tsamba 2, chisapezeke kumanja pa tsamba 15.

Chenjezo: akazi otchuka amtunduwu ali ndi eni ake. Elektra, amene Frank Miller anamuyambitsa mu 1981, ndi Black Widow, amene anayamba kuoneka mu 1964, onse ndi a kampani ya Marvel. Kusintha mtundu wa chovala ndi dzina sikupanga munthu kukhala wanu. Fufuzani dzina limene mwasankha pa intaneti musanalikonde kwambiri.

6. Yalani mndandanda wonse pa pepala limodzi

Kabuku kamodzi ka komiki ya ngwazi nthawi zambiri kamakhala ndi masamba a nkhani 20 mpaka 22, ndipo timabuku 5 kapena 6 timapanga nkhani imodzi yaikulu imene pambuyo pake imasonkhanitsidwa m'buku limodzi. Ngati ndi ulendo wanu woyamba, timabuku 4 ta masamba 16 si tochepa. Ku makampani aakulu ntchitoyi imagawidwa: wina alemba, wina ajambula ndi pensulo, wina athira inki, wina apaka mitundu, wina aika mawu. Inu mwina muli nokha, choncho yezani mphamvu zanu moona mtima.

Lembani mzere umodzi pa kabuku kalikonse. Koyamba: ganyu imodzi yathunthu yoonetsa lamulo, mphamvu ndi mtengo wake. Kachiwiri: womusaka wapeza mapazi ake. Kachitatu: ganyu yomwe sakanayenera kuvomera. Kachinayi: pachimake, pamene ayenera kusankha pakati pa lamulo lake ndi mng'ono wake. Kabuku kalikonse kakhale ndi mathero akeake, koma kasiye funso limodzi lotseguka.

Ngati mudzasindikiza, kumbukirani kuti timabuku tomangidwa ndi waya pakati timapangidwa ndi mapepala opindidwa pawiri, ndipo pepala lililonse limapereka masamba 4. Choncho chiwerengero cha masamba chigawike ndi 4: 16, 20, 24, 28.

7. Lembani tsamba ndi tsamba, bokosi ndi bokosi

Bokosi, kutanthauza kachithunzi kamodzi kozunguliridwa ndi mizere pa tsamba, limanyamula chochitika chimodzi. "Akutsegula chitseko, n'kulowa, n'kusolola mpeni" ndi mabokosi atatu. Tsamba labwinobwino likhale ndi mabokosi 5 kapena 6. Nachi chitsanzo cha kalembedwe:

TSAMBA 7

Bokosi 1: Chipinda chausiku, nyali imodzi. Bambo wachikulire wakhala pabedi, akusoka nsapato yaing'ono ya mwana. Sanatukule mutu.

Bokosi 2: Pafupi, manja ake okha. Singano yaima. BAMBO: "Ndimadziwa kuti mubwera, mayi."

Bokosi 3: Kadzidzi pakhomo, theka la nkhope lili mumdima. KADZIDZI: "Ngati muli ndi mawu, bambo, nenani. Ndikawafikitsa."

Bokosi 4: Bamboyo akuika nsapato ija pansi mosamala, pambali pa inzake. Palibe mawu.

Bokosi 5: Nkhope yake, akuyang'ana kukhoma. BAMBO: "Mukamuuze uyo kuti..."

TSAMBA 8

Bokosi limodzi lalikulu: chithunzi chopachikidwa pakhoma. Bamboyo wakumbatira mwana wake wamkazi. Ndi mayi yemwe uja anapereka ganyuyi pa tsamba 3.

Bokosi 4 la tsamba 7 lilibe mawu, ndipo ndi limene likugwira ntchito yaikulu pa tsambalo. Musalole mawu kubwereza zimene chithunzi chaonetsa kale. Ngati tikuona kuti akulira, asanene kuti ndikulira.

Mawu a Chichewa ndi aatali. Liwu limodzi ngati "sindinakuuzenipo" limatenga malo a mawu angapo a zilankhulo zina, ndiye baluni imadzaza msanga. Ine ndimayesetsa kusapitirira mawu 12 kapena 15 m'baluni imodzi, ndi mabaluni 3 m'bokosi limodzi. Werengani zokambirana zonse mokweza. Pamene lilime lapunthwa, dulani.

8. Yeserani masamba onse mwa tizithunzi tating'ono

Pindani pepala la A4 kuti likhale ndi zigawo 8, chigawo chilichonse chiimire tsamba. Jambulani mwachangu, anthu a timitengo ndi timipira. Apa ndi pamene mumakonza kayendedwe ka diso, ndipo kulakwitsa pano sikutayitsa kanthu.

Tsamba 1 limakhala kumanja, choncho masamba 3, 5, 7 ndi ena otere ali kumanja, pamene 2, 4, 6, 8 ali kumanzere ndipo amaoneka munthu akatembenuza pepala. N'chifukwa chake chithunzi cha pakhoma chija chili pa tsamba 8. Chikanakhala pa tsamba lakumanja, diso likanachiba wowerenga asanafikepo. Chodabwitsa chilichonse chiikeni pa tsamba lakumanzere, ndipo bokosi lomaliza la tsamba lakumanja likhale lokoka dzanja kuti litembenuze.

Diso limayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, kenako kutsika. Woyamba kulankhula m'bokosi aime kumanzere, apo ayi michira ya mabaluni idzapingasana. Ndipo jambulani mabaluni tsopano lino, osati pomaliza. Pa kabuku kanga koyamba ndinajambula masamba onse mokongola osasiya malo a mawu. Nditayamba kuika mabaluni, imodzi inakwirira theka la nkhope pa bokosi limene ndinalikonda kuposa onse, bokosi limene ndinakhalira masiku awiri. Ndinajambulanso masamba 5, ndipo mpaka lero ndimayamba ndi mabaluni.

Mpatseni mnzanu woona mtima uja tizithunziti, inu mukhale chete. Pamene wabwerera m'mbuyo kuti amvetse, ikani chizindikiro.

9. Ndewu ndi imfa

Musanayambe ndewu, onetsani malo onse m'bokosi limodzi lalikulu: khomo lili kuti, zenera lili kuti, anthu ndi angati. Kenako musasinthe mbali mwachisawawa. Kadzidzi akayamba ali kumanzere, mdani kumanja, akhale choncho mpaka titaona mmodzi akudutsa mnzake. Mukawatembenuza popanda chifukwa, wowerenga sadziwa amene wamenya.

Sankhani kamphindi koyenera. Nkhonya imakoma ikajambulidwa isanafike kapena itangofika kumene, thupi lonse litapendekera komwe ikupita. Mabokosi ang'onoang'ono othithikana amafulumizitsa nthawi, bokosi lalikulu limaiimitsa.

Chida chanu champhamvu ndi kampata koyera ka pakati pa mabokosi. Bokosi loyamba: dzanja lakwezedwa. Bokosi lachiwiri: nsapato yaing'ono ija pansi, nyali yazima. Simunajambule imfa, koma wowerenga waiona m'mutu mwake, ndipo imene waiona yekha imamupweteka kuposa magazi alionse amene mukanathira pa pepala. Magazi akachuluka pa tsamba lililonse, pofika kabuku kachitatu amangokhala utoto wofiira.

Pa maphokoso, chilankhulo chathu n'cholemera. Munthu akagwa ndi khu, galasi likasweka ndi phwa, mbama ndi phaa, kugogoda ndi go go go. Zilembo zake muzijambule ndi dzanja, zikule kapena kusweka molingana ndi phokosolo. Mu nkhani ngati ya Kadzidzi, dzazani masamba oyambirira ndi maphokoso otere kuti akadzazimitsidwa, kusowa kwake kumveke.

Ndewu ikatha, mpatseni tsamba limodzi la pambuyo pake. Akusamba m'manja, akulephera kugona, akuyesa kukumbukira mawu amene angomuthawa. Tsamba limeneli musalidule ngakhale malo atachepa.

10. Pensulo, inki, sikana

Lembani malire a mabokosi ndi rula. Yambani ndi 2H kapena pensulo yabuluu mopepuka, mumalize ndi HB. Pothira inki, zinthu zapafupi zikhale ndi mizere yonenepa, zakutali yopyapyala. Nkhani yausiku imafuna mdima weniweni, choncho musaope kudetsa theka la bokosi, koma sankhani kumene kuwala kukuchokera ndipo musasinthe. Dikirani inki iume musanafufute pensulo. Ambiri amawononga tsamba lomalizidwa pa mphindi imeneyi.

Zojambula za inki yakuda zisikanidwe pa 600 dpi (madontho 600 pa inchi imodzi), zamitundu pa 300 dpi. Ngati mukugwiritsa ntchito foni, ikani pepala pamalo osalala powala bwino, foni ilunjike pakati penipeni kuti mabokosi asapendeke.

11. Mawu ndi mitundu

Mawu, mabaluni, mitundu ndi mizere zikhale pa layer yakeyake (magawo osanjikizana a chithunzi mu pulogalamu yojambulira), kuti mukapeza cholakwika musakhudze chithunzi. Sankhani font, kutanthauza mtundu wa zilembo za pakompyuta, yopangidwira makomiki. Tsamba la pa intaneti la Blambot lili ndi mafonti ena amene opanga makomiki odziimira okha amaloledwa kugwiritsa ntchito, koma werengani chilolezo cha font iliyonse. Yesani kulemba "ng'ona" ndi "m'manja" kuti muone ngati kachizindikiro ka pamwambako kakuoneka bwino. Mchira wa baluni uloze pakamwa pa wolankhula, ndipo m'mbali mwa mawu musiye mpweya.

Mitundu ikhale yochepa. Itatu kapena inayi pa chochitika chimodzi ikwanira, ndipo mungasunge mtundu umodzi kuti uzioneka pokhapokha mphamvu yake ikagwira ntchito. Komiki ya inki yakuda yokha si yoperewera, ndipo pa nkhani yamtundu uwu nthawi zina imaposa yamitundu.

12. Kutulutsa

Ngati mukusindikiza, chithunzi chofika kumapeto kwa pepala chipitirire ndi mamilimita 3 mbali zonse, chimene osindikiza amati bleed, ndipo mawu akhale pafupifupi sentimita imodzi kuchokera podulira. Makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki za mitundu inayi (CMYK) pamene sikirini imaonetsa kuwala kwa mitundu itatu (RGB), choncho mitundu yowala imazilala pa pepala. Pemphani kabuku kamodzi koyesera musanalole ena onse.

Ngati owerenga anu ali pafoni, tsamba lonse limachepa mpaka mawu osawerengeka. Dulani mabokosi muwasanje motsika. Pa Webtoon, malo a pa intaneti owerengerapo makomiki pafoni, zithunzi zimakhala za mapikiselo 800 m'lifupi. Kumeneko kulibe kutembenuza pepala, ndiye chodabwitsa mumachibisa ndi mpata wautali wakuda kapena woyera. Pachikuto lembani kuti nkhaniyi ndi ya akuluakulu. Ndipo musatulutse kabuku koyamba kachiwiri kasanafike pakati.

Zolakwika zimene zimabwerabwera

Kuyamba ndi ubwana wake. Masamba 10 a mbiri asanachite chilichonse amapha chidwi. Yambani ali pa ntchito.

Kumukhululukira msanga. Ili ndi limene limawononga makomiki ambiri amtunduwu. Wolemba amayamba kumukonda mwininkhani wake, ndiye aliyense amene wamupha amapezeka kuti anali woipa, aliyense womudzudzula amapezeka kuti ndi wachinyengo, ndipo pofika kabuku kachitatu mkazi woopsa uja wasanduka ngwazi wamba. Lolani mkazi wamasiye amutsekere chitseko pamaso. Lolani wapolisi uja akhale wolondola. Ngati chikhululuko chidzabwere, chibwere mochedwa, ndipo chisachokere kwa onse.

Kumulanda nkhani yake. Werengani kabuku kanu muone amene akupanga zisankho zazikulu. Ngati nthawi zonse ndi womutuma, mphunzitsi wake kapena chibwenzi chake, ndiye kuti dzina lake lili pachikuto koma nkhani ndi ya amunawo.

Nkhope imodzi masamba onse. Munthu wokwiya kuyambira tsamba 1 mpaka 22 amatopetsa. Aseke ndi mng'ono wake m'chikumbutso, achite manyazi, aope.

Mabokosi a maganizo ochuluka, ofotokoza zimene nkhope ikanatha kunena.

Kuiwala mtengo wa mphamvu pamene nkhani yathina. Ngati anazimitsa phokoso katatu mu ndewu imodzi, mawu a anthu atatu apite, ndipo tione kuti ndi a ndani.

Kujambulanso tsamba 1 kosalekeza. Luso lanu lidzakula pamene mukupita, ndipo pofika tsamba 16 loyamba lidzaoneka lofooka. Lisiyeni choncho, malizani kabukuko, kenako mubwerere kukakonza mabokosi awiri kapena atatu okha amene akusokoneza wowerenga.